Mwini minibasi akufuna tisayine kuti nkhani yatha: tilandire ndalamayo?

Funso: Amuna anga amachita kabaza wa njinga yakapalasa ku Lunzu. Miyezi 8 yapitayo minibasi inawagunda cha kumbuyo pamsewu wa M1, masana dzuwa likuswa mtengo. Anathyoka fupa la ntchafu, anagona ku Queens milungu 5 ndipo anawaika chitsulo. Mpaka lero akuyendera ndodo, njinga nayo inaphwanyika. Dalaivala anavomera kuti anayendetsa mosasamala ndipo analipira chindapusa. Tsopano mwini minibasi wabwera ndi K400,000, akuti tisayine kalata yoti nkhani yatha. Kwabweranso mnyamata wina amene akuti amagwira ntchito ndi loya, akufuna timupatse mapepala onse. Tili ndi ana atatu, lendi sitinalipire miyezi iwiri. Titani? Mayi wa ana atatu, Lunzu.

Yankho: Pepani kwambiri mayi, ndipo mundipepesereko kwa bambo kunyumbako. Ndikudziwa kuti mwini minibasiyo atha kubweranso sabata yomwe ino, choncho ndiyambe ndi chofulumira: kalatayo isasayinidwe, ndipo mapepala enieni asachoke m'manja mwanu.

Chindapusa chimene dalaivala analipira chinapita ku boma. Chinali chilango chophwanya malamulo a pamsewu, ndipo pa ndalama imeneyo panalibe ngakhale tambala yanu. Anthu ambiri akamva kuti dalaivala walipira amaganiza kuti mlandu wathera pomwepo, ena amabwerera kumudzi ndi mkwiyo kuti mwendo wa munthu wagulidwa motchipa chonchi. Si choncho ayi. Mlandu wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo suyamba wokha. Apolisi sakuyambitsirani, achipatala sakuyambitsirani. Amauyambitsa ndi wovulalayo. Kuvomera kwa dalaivala kuja kwangokuchepetserani ntchito, chifukwa chimene chimavuta kwambiri pa milandu yotere ndi kuonetsa kuti wolakwa anali woyendetsa galimoto.

Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija timangoti third party. Eni magalimoto ambiri amaiona ngati kapepala komata pagalasi kuti apolisi a pamsewu asawaimitse nthawi yaitali, koma inakhazikitsidwira anthu ngati amuna anu. Pa mgwirizano umenewu woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani ya inshuwalansi, wachitatu ndi aliyense amene galimotoyo ingamuvulaze kapena kumupha. Third party sikonzetsa minibasi ikaphwanyika; yokonzetsa galimoto ya mwini wake ndi ija ya comprehensive. Ndalama ya third party imadikira munthu wachitatu basi. Choncho pamene mwini minibasi akuima pakhomo panu ndi envelopu ngati kuti zonse zikudalira chifundo chake, dziwani kuti kuseri kwake kuli kampani imene inalandira kale ndalama yake n'cholinga choti pakachitika zoterezi ilipire.

Lamulo lomweli, pa gawo 148, limapatsa wovulala ufulu wofuna ndalamayo mwachindunji ku kampani ya inshuwalansi, m'dzina lake, osadikira kuti mwini galimoto amupemphere. Koma ufulu umenewu uli ndi nthawi yake, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kuposa pena paliponse. Umatha pakapita zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi. Kwa inu miyezi 8 yadutsa kale, mwatsala ndi miyezi 16. Lamulo lina, Limitation Act, limapereka zaka 3 zosumira dalaivala ndi mwini galimoto pa mlandu wa kuvulala, koma kusumira munthu payekha ndi kuona ndalama m'manja ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Thumba lodalirika ndi la kampani, ndipo chitseko chake ndi chimene chimayamba kutsekeka.

Pa zaka zimene ndagwira ntchito yoona madandaulo a ngozi za pamsewu, chimene chandipweteka mtima kwambiri ndi mabanja amene anali ndi mlandu wabwino koma anautaya chifukwa choleza mtima. Amapita ku ofesi, akuuzidwa kuti failo ili kwa bwana, mubwere mwezi wamawa. Amabwera, akuti pakusowa pepala lakuti. Amalibweretsa, akuti amene amasayina ali patchuthi. Iwo poona kuti akulandiridwa mwaulemu amaganiza kuti zinthu zikuyenda, osadziwa kuti kukambirana sikuimitsa nthawi. Kalata zingapite ndi kubwera khumi, masiku akuwerengedwabe. Chimene chimaimitsa nthawi ndi chimodzi: mlandu kulembetsedwa kukhothi. Lembani tsiku la ngozi pakhoma, muwerenge zaka 2, ndipo mudziikire malire akuti chaka ndi theka chikakwana ndalama isanatuluke, mlandu ukhale utalowa kale kukhothi.

Nanga n'chifukwa chiyani mwini minibasi akufuna kuthana nanu yekha? Mwina ndi munthu wamtima wabwino amene naye sadziwa mmene zimayendera. Alipo ambiri otero. Mwina akuopa kuti kampani imukwezera malipiro chaka chamawa. Koma mwinanso pali chimene sakufuna chituluke: inshuwalansi inali itatha tsiku la ngoziyo, kapena amene anali pa chiwongolero sanali dalaivala wake weniweni koma waganyu amene anangopatsidwa galimoto kuti azungulireko maulendo awiri, mwina wopanda chiphaso choyenera kunyamulira anthu. Zimenezi mudzaziona mu lipoti la apolisi, n'chifukwa chake lipotilo ndilo pepala loyamba kulifuna. Pitani ku polisi kumene ngoziyi inalembedwa, mulipire ndalama yake ndipo musunge lisiti. Mukalitenga onani nambala ya minibasi, dzina la dalaivala ngati ndi yemwe uja anavomera mlandu, dzina la kampani ya inshuwalansi, nambala ya chiphaso cha inshuwalansi, ndi masiku amene inayambira ndi kuthera. Pakakhala cholakwika, ngakhale chilembo chimodzi pa dzina la amuna anu, apempheni akonze nthawi yomweyo.

Zikapezeka kuti inshuwalansi inalidi itatha, mlandu sunafe, koma wauma. Mudzayenera kusumira mwini minibasi ndi dalaivala, popeza lamulo limati bwana amayankha pa zolakwa za wantchito wake pamene ali pantchito. Khothi likagamula ndipo iye osalipira, katundu wake atha kulandidwa, minibasi yomweyo ili m'gulu. Kuno kwathu chipukuta misozi chimachokera kwa anthu atatu amenewa: dalaivala, mwini galimoto ndi kampani yake. Ndikunena izi chifukwa abale amene anakhalako ku Joni adzakuuzani za Road Accident Fund, thumba la boma la South Africa limene ndalama yake imachokera pa mtengo wa mafuta. Limenelo ndi la ngozi zochitikira kumeneko.

Tsopano tione ngati K400,000 ikufanana ndi zimene zatayika. Makhothi athu akamawerengera chipukuta misozi amagawa nkhaniyo m'magawo. Pali ululu ndi kuzunzika: ngozi yeniyeniyo, opaleshoni, milungu 5 pabedi, usiku wosagona. Pali kutaya zinthu zimene munthu ankasangalala nazo kapena kuchita yekha, monga kuyenda mtunda, kulima, kusewera mpira, kunyamula mwana. Pali zipsera ndi kupunduka kooneka, monga kutsimphina kapena mwendo kufupika. Pali ndalama zimene akanapeza pa miyezi imene wakhala pansi, ndiponso kuchepa kwa mphamvu zake zopezera ndalama m'tsogolo. Kwa munthu wa mu ofesi, ntchafu yothyoka ndi ululu ndi tchuthi cha miyezi ingapo. Kwa munthu wa kabaza, mwendo ndiwo kapitolo yense. Gawo limeneli pa mlandu wa amuna anu ndi lalikulu, ndipo ndi limene anthu osauka amaliiwala kawirikawiri chifukwa amaganiza kuti popanda pepala la malipiro palibe chimene anganene.

Palibe mtengo woikika wa fupa la ntchafu. Woweruza amayerekeza ndi milandu ina ya kuvulala kofanana imene inagamulidwa posachedwa, ndipo amaganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha. Mukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene inali yokwanira mlandu wotere zaka zisanu zapitazo lero sigula zomwezo, ndipo makhothi amalemba zimenezi m'zigamulo zawo. Pa kuthyoka kwa fupa lalikulu mpaka kuikidwa chitsulo, zigamulo za khothi lalikulu la High Court zimawerengedwa m'mamiliyoni a kwacha. K400,000 yogulira siginecha ndi yochepa kwambiri.

Gawo lina ndi la ndalama zimene mwatulutsa m'thumba: thiransipoti yopita kuchipatala, mankhwala ogula ku famase, ndodo zoyendera, lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, njinga. Apa khothi silimva zongonena. Limafuna umboni wa ndalama iliyonse, ndipo chopanda lisiti nthawi zambiri chimagwa. Ndikudziwa kuti m'minibasi salemba lisiti, ndiponso kuti gadiyani akamagula phala ndi nthochi pageti la chipatala saganiza za khothi. Zimene zinapita zapita, koma fufuzani m'matumba ndi m'mabuku, chimene mwapeza muchisunge. Kuyambira lero gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku, kumene mwapita, ndi ndalama imene mwawononga.

Za ndalama imene bambo ankapeza patsiku, munthu akalephera kuonetsa umboni, makhothi nthawi zambiri amawerengera pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Ngati ankapeza zoposa pamenepo, muyenera kuonetsa. Wapampando wa pa siteji yawo atha kuchitira umboni kuti munthu wa kabaza pamalo amenewo amapeza zingati patsiku labwino ndi patsiku loipa. Buku la banki mkhonde likuonetsa zimene ankaponya sabata iliyonse. Ngati makasitomala ena ankalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, mbiri yake ilipo. Zinthu zazing'ono zotere, zikaikidwa pamodzi, zimamupatsa woweruza poyambira.

Lipoti la dokotala ndi msana wa mlandu wonse. Buku la kuchipatala, zithunzi za X-ray ndi kalata yotulutsira m'chipatala muzisunge mu pulasitiki. Pemphani lipoti kwa a zamafupa amene akuwaona, ndipo lifotokoze bwino: fupa liti linathyoka, anachita opaleshoni yanji, mwendo wafupika kapena ayi, bondo likupinda mpaka pati, chitsulo chidzafunika kuchotsedwa kapena chidzakhala, ndipo kodi munthuyu adzathanso kupalasa njinga atanyamula munthu. Madokotala amalembanso maperesenti a kupunduka kosatha. Musalole munthu aliyense akupezereni lipoti la kwa dokotala amene sanawaonepo amuna anu, ngakhale atalonjeza maperesenti okwera. Makampani amakafufuza kuchipatala, ndipo lipoti labodza limagwetsa mlandu woona, n'kukuikani inuyo m'mavuto ndi apolisi.

Apa pali chinthu chofunika kuchilingalira bwino. Chipukuta misozi chimaperekedwa kamodzi. Mukasayina kuti mwalandira malipiro omaliza, chaka chamawa chitsulo chikayamba kuvuta simungabwererenso. Choncho si bwino kutseka mlandu dokotala asananene mmene mwendowo udzathere. Koma kudikira kuti achire kaye musanayambe n'komwe ndi kumene kumadyetsa anthu nthawi ija. Njira yake ndi iyi: kudziwitsa kampani kuchitike tsopano, kuvomera ndalama yomaliza kudikire lipoti lomaliza. Kalata yodziwitsa kampani mutha kulemba nokha: tsiku ndi malo a ngozi, nambala ya minibasi, nambala ya inshuwalansi, mmene anavulalira, ndi mawu akuti mukufuna chipukuta misozi. Muphatikize mafotokope, osati mapepala enieni. Pangani makalata awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira, mubwerere nayo kunyumba. Dziwaninso kuti mwini mlandu ndi bambo. Amene ayenera kusayina pa chilichonse ndi iwo, ngakhale woyenda m'maofesi mutakhala inu.

Yembekezerani kuti kampani idzayesa kunena kuti bambo nawonso analakwitsa, kuti anakhotera mumsewu mwadzidzidzi kapena anali pakati. Lamulo limalola khothi kuchepetsa ndalama molingana ndi gawo la kulakwa kwa wovulalayo. Kugundidwa kumbuyo masana kukuikani pabwino, komabe musadalire lipoti la apolisi lokha, chifukwa wapolisi amene analemba sanaone ngoziyo ndi maso ake, ndipo kukhothi mawu a munthu amene anaona amalemera kuposa pepala. Anzawo a kabaza amene anali pafupi, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, aliyense amene anathandiza kuwanyamula: tengani mayina ndi manambala awo mwezi uno. Anthu a pamsewu amasamuka, mafoni amatayika.

Pali choonadi china chowawa chimene sindingakubisireni. Kampani silipira mopanda malire. Inshuwalansi iliyonse ili ndi ndalama yothera, ndipo m'milandu yambiri imene yadutsa ku High Court zaka zapitazi malirewo anali K5,000,000. Tiyerekeze kuti khothi lagamula K8,000,000 pamene malire ali K5,000,000: kampani idzapereka gawo lake n'kusamba m'manja, K3,000,000 yotsalayo muyenera kuifuna kwa mwini minibasi ndi dalaivala. N'chifukwa chake loya wodziwa ntchito amasumira onse atatu pamodzi. N'chifukwa chakenso kalata ya mwini minibasi ili yoopsa pawiri: ikhoza kumumasula iyeyo pa ndalama yotsalayo, ndipo kampani nayo ikhoza kuigwiritsa ntchito kunena kuti munalandira kale zanu. Maganizo anga ndi akuti malire otere anatsalira m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi mitengo ya zinthu lero, ndipo amene akulipira kusiyanako ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Eni magalimoto amene mukuwerenga, funsani kampani yanu za kukweza malire a third party. Tsiku la tsoka ndalama yopitirira malire idzachokera pa nyumba yanu.

Tibwere kwa mnyamata uja. Anthu otere amazungulira m'mawodi a zamafupa ndi pa mapolisi, ndipo ambiri ndi madobadoba chabe. Malamulo a ntchito ya uloya salola kusaka makasitomala mwa njira imeneyi. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti wovulala amapereka mapepala, amadinda chala pa fomu imene sanawerenge, ndipo samuonanso munthuyo mpaka tsiku limene adzabwere ndi kandalama kochepa n'kunena kuti ndi zomwe zatuluka. Ndalama yeniyeni imene kampani inapereka wovulalayo saidziwa. Loya mukumufunadi, makamaka pa kuvulala kwakukulu chonchi, koma mumusankhe nokha ndipo mukaonane naye maso ndi maso mu ofesi yake. Bungwe la maloya la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho, ndipo ndi komweko kumene mungakadandaule loya akakuchitani zachinyengo. Musanasayine, akuuzeni m'Chichewa ndi kukulemberani kuti adzadula zingati ndiponso pa chiyani. Mugwirizane kuti sadzavomera ndalama iliyonse popanda chilolezo cha bambo, ndipo kuti ndalama ikadzatuluka adzakuonetsani kalata ya kampani kapena chigamulo cha khothi chosonyeza ndalama yonse. Loya wachilungamo savutika ndi pempho limeneli. Ngati mulibe poyambira, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Ku Blantyre iliko.

Milandu yambiri yotere imatha mwa kukambirana osafika poweruza, ndipo zimenezo si zoipa. Kungoti ndalama yoyamba imene kampani imatchula kawirikawiri imakhala yoyesera madzi, ndipo muli ndi ufulu woikana. Kampani ikavomera kulipira koma n'kumangozengereza, kapena ikakana popanda chifukwa chomveka, kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani onse a inshuwalansi. Koma kudandaula kumeneko nakonso sikuimitsa zaka 2 zija.

Ndikudziwa kuti zonsezi sizikulipira lendi ya mwezi uno. Achibale adzakuuzani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa mwana wanjala sadikira khothi. Choncho sindikunena kuti ndalama ya mwini minibasi muikane. Mukane kalata yake, mulembe yanu. Ikhale yaifupi: kuti bambo alandira K400,000 kuchokera kwa mwini minibasi nambala yakuti monga thandizo pa mavuto obwera ndi ngozi ya tsiku lakuti, kuti ndalamayi si malipiro omaliza, ndipo kuti ufulu wawo wofuna chipukuta misozi ukadalipo. Asayine onse awiri pamaso pa mboni, kaya a mfumu, mkulu wa mpingo kapena wapampando wa pa siteji, aliyense atenge kope lake. Ngati mungathe, loya kapena a Legal Aid ayione kaye. Ndalamayi ikhoza kudzachotsedwa pa chipukuta misozi pamapeto, ndipo zimenezo n'zachilungamo. Mumuuzenso mwaulemu kuti akadziwitse kampani yake za ngoziyi ngati sanatero, popeza mgwirizano wake umamulamula kutero ndipo kuchedwa kukhoza kumupweteka iye yemwe. Akavomera, mwapeza lendi ndipo mlandu wanu uli moyo. Akakana n'kunyamula envelopu yake, musathamangire kumuitana. Lolani apite, inu m'mawa mwake mulawirire ku polisi kukatenga lipoti.

Njinga yophwanyikayo musaitaye kapena kugulitsa kwa ogula zitsulo. Ijambuleni mbali zonse, nambala ya pa felemu ioneke, ndipo mupite ku shopu ya njinga akulembereni mtengo wa ina yofanana nayo pa pepala lokhala ndi chidindo. Inshuwalansi zambiri za third party zili ndi gawo la katundu wa anthu ena wowonongeka, lokhala ndi malire akeake, ndipo njingayo muyenera kuitchula m'kalata yoyamba yomweyo.